Mapiritsi a Adada m'Chitini cha Polishi

Zolozolo, Mzuzu
9 Febuluwale 1987

Okondedwa adumbu a Winston,

Monire. Muli bwanji ku Limbe, inu ndi alamu a Elsie ndi mwana? Ine ndili bwino. Mvula kuno ikugwa tsiku ndi tsiku, njira ya kwathu yangosanduka matope.

Pepani kuti ndalemba m'Chichewa. Chizungu changa mukuchidziwa, chinathera mu Sitandade 6, ndipo Chitumbuka ndimangoyankhula, kusukulu sanatiphunzitse kalembedwe kake.

Sindikupempha ndalama ayi. Ndikupempha kalata. Adada sali bwino. Akuti lilime lawo limachita dzanzi monga umachitira mwendo ukaukhalira nthawi yaitali. Akamamwa tiyi sazindikira kuti ndi wotentha, moti Lachinayi anapsa m'kamwa. M'makutu akuti mukulira nyenje, makamaka lakumanzere. Nthawi zina amatuluka panja kukayang'ana mu mtengo wa mapeyala, kuyesa kuti zikulira mmenemo.

Mukukumbuka kuti chaka chatha kuchipatala anawapeza ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, aja amati bipi, n'kuwapatsa mapiritsi oyera ang'onoang'ono oti azimwa m'mawa uliwonse. Ine ndimawaikira piritsi pa sosala, iwo amati yewo, ndikatembenuka palibe. Ndinkayesa kuti akumeza. Dzana ndikufuna kupukuta nsapato zawo za kutchalitchi ndinatsegula chitini chakale cha polishi, ndinapeza muli mapiritsi okhaokha. Asiya kumwa kuyambira nthawi ya Khirisimasi.

Ine sindingawauze kanthu. Mukundidziwa, ndikaima pamaso pawo mawu amandithawa. Koma inu amakumverani. Chonde alembereni, muwauze kuti abwerere kuchipatala akawapime, koma musanene kuti mwamva kwa ine.

Yankho langa musalitumize ku bokosi la mpingo. Makalata a kumeneko mlembi amaitana maina pakhomo la tchalitchi mapemphero akatha, ndipo a nyumba yathu onse amalandira ndi Adada. Amatsegula ngakhale palembedwe dzina langa. Tumizani kwa mnzanga Peggy, amene amasoka pa shopu ya telala ku Chibanja. Keyala yake ndalemba kuseri kwa pepalali.

Yewo chomene.
Ndine mlongo wanu,
Keziya


Limbe
24 Febuluwale 1987

Wokondedwa Keziya,

Kalata yako ndalandira. Ife tonse tili bwino, mwana wamera mano awiri. Elsie akupereka moni.

Iwe mlongo wanga, nkhawa zako sizinathe? Adada andilembera sabata yomweyi, masamba atatu a Chizungu chokhachokha, palibe ndi pofufuta pomwe. Akuti kwaya yawo ikukonzekera nyimbo zisanu ndi ziwiri za Pasaka ndipo iwo ali ngati msilikali. Munthu wodwala salemba choncho. Don't worry.

Za makutuzo, waiwala zimene ankanena malemu Amama? Khutu likalira ndiye kuti wina akukutchula. Uwauze kuti ndine, ndimawatchula tsiku lililonse ku ofesi. Za lilime, mwina uziwapatsa tiyi atapolako. Mapiritsi munthu akapeza bwino amasiya, ndipo iwo ndi munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, safunika kuwalondalonda mpaka m'zitini za polishi.

Keyala ya Peggy sindinaigwiritse ntchito. Mtsikana wosakwatiwa kumalandirira makalata pa shopu ya telala, anthu anena chiyani? Palibe chimene ine ndi iwe tingabisire Adada.

Mpunga wa ku Karonga ukafika pa msika undipezereko, upatsire munthu wobwera kuno. Undiuzenso ngati denga la khitchini linakonzedwa.

Mlongo wako,
Winston


Zolozolo
16 Malichi 1987

Adumbu,

Monire. Ndathokoza kumva kuti mwana wamera mano.

Kalata yanu inafika Lamulungu lapitalo ku tchalitchi, monga mmene munafunira. Adada anaitsegula pa tebulo nthawi ya chakudya, anavala magalasi, n'kuiwerenga mokweza yonse. Atafika pa zitini za polishi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anati, "Kodi nyumba ino ili ndi mtolankhani?" M'mawa mwake chitini chija chinasowa pamalo pake.

Tsopano khutu likalira amaseka, amati, "Winston wanditchula." Amauza ndi alendo omwe. Mwawapatsa chonena.

Dzulo zinachitika zoipa. Mukudziwa kuti tchalitchi chathu chilibe limba, liwu loyambira nyimbo amapereka ndi Adada. Anayamba pamwamba kwambiri, amayi sanathe kufika, nyimbo inaduka pakati. Anayambanso, ulendo uno pansi kwambiri. Mawu ankatuluka ngati a munthu amene ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Potsika pa sitepe anadzandira, n'kugwira benchi. Mayi wina kumbuyo kwanga ananong'ona kuti, "Kachasu ameneyo." Mnzake anati, "Chimwalirireni akazi awo." Sanadziwe kuti ndikumva, kapena anadziwa.

Adumbu, Adada samwa mowa. Ndimawaphikira ndine, ndimawachapira ndine, ndikanamva fungo.

Ndinayesa kupita ndekha kuchipatala kukafunsa. Lachitatu sizinatheke, akazi tonse tinaitanidwa ku bwalo kukaphunzira magule a chipani mpaka dzuwa kupendeka. Lachinayi ndinaiwala kadi ya chipani m'chitenje china, anyamata a pa msewu anandibweza. Lachisanu ndinafika, ndinakhala pa mzere mpaka masana, ndipo anesi anati sapima munthu amene watsala kunyumba. Anati dzanzi la lilime kwa munthu wa bipi si chinthu chodikira nacho, ndibwere nawo msanga. Ndibwere nawo bwanji? Ndiwabereke?

Chifukwa chimene anasiyira mapiritsi ndikuchiganizira, ndipo ndikhulupirira sindikulakwa. Koma anandilumbiritsa kuti chimene chinachitikacho ndisauze munthu. Ndi chinthu chamanyazi, si choti mwana wamkazi alembe za bambo ake. Musandifunse. Ingolembani muwauze apite kuchipatala, basi.

Denga silinakonzedwe. Mpunga sindinaufune.

Keziya


Geisha, Mzuzu
23 Malichi 1987

Mwana wanga Winston,

Ndine ankhazi ako a Martha, mlongo wa adada ako. Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Ine miyendo ndiyo ikuvuta, koma pakamwa pali bwino.

Iwe uli ku Limbe ukudya mabanzi, kuno dzina la a Longwe lili m'matope. Sindizungulira ayi. Adada ako ayamba mowa. Zolozolo yonse ikudziwa, Chibanja yamva, yafika mpaka kuno ku Geisha. Akuyankhula ngati lilime lamangidwa chingwe, akudzandira m'nyumba ya Mulungu, nyimbo akuziponya uku ndi uku. Ndinapitako ndekha Loweruka. Ndikuwalonjera, iwo akundiyang'ana pakamwa n'kumati, "Wati chiyani?" Ndawadziwa zaka makumi asanu ndi limodzi, sanandichitepo zimenezo.

Ndipo imva iyi. Rachael wa nyumba yoyandikana nawo anaona Keziya akuchapa buluku la adada ako pa Sabata, tsiku la Mgonero Khirisimasi isanafike. Pa Sabata! Kuseri kwa khitchini, mobisala, ndipo analiyanika m'nyumba. M'banja mwathu sitigwira sopo tsiku la Mulungu, Gideon yemweyo, adada akowo, ankatikalipira tikangochapa mpango. Ndiye buluku limeneli linatani? Ndi woledzera amene amadziwonongera zovala, mwana wanga, ine ndakula ndaona.

Ndinamufunsa Keziya. Amangoyang'ana zala za kumapazi ngati zilembedwa kanthu. Mwana ameneyu ndi wabwino, koma kukhala chete kwakeko kukubisa tchimo.

Akulu a mpingo awaitana ku bwalo lawo pa 11 Epulo. Akakana adulidwa, Mgonero sadzadyanso, kwaya adzalandidwa. Akavomera n'kulapa mwina awamvera chisoni. Iwe ndiwe mwana wamwamuna, alembere.

Ndinawasiyira nsomba zouma zamchere zochokera ku Nkhata Bay kuti apezeko mphamvu.

Ankhazi ako,
Martha


Limbe
30 Malichi 1987

Okondedwa Adada,

Ndikupereka moni ndi ulemu wonse. Ndalemba m'Chichewa kuti ndisabisale m'Chizungu.

Ndamva zinthu zimene zandisowetsa mtendere. Keziya anandilembera kuti pali chinthu chamanyazi chimene sangachitchule. Ankhazi achitchula. Adada, ndili Fomu 2 munandikwapula pamaso pa anzanga chifukwa cholawa masese a m'chipanda cha munthu wina. Munati mwana wa Longwe samwa. Mawu amenewo ndawasunga mpaka lero, ngakhale pa ukwati wanga sindinalawe.

Ndikudziwa kuti chimwalirireni Amama nyumba yakukulirani. Sindikukuweruzani. Koma ndikupempha kuti pa 11 Epulo musakane. Mukavomere pamaso pa akulu anzanu, mulape, dzina lathu litsukike. Musamusenzetsenso Keziya mabodza.

Mwana wanu,
Winston


Mzuzu
14 Epulo 1987

Adumbu a Winston,

Ndikulemba ndili pa benchi ya kuchipatala. Adada agonekedwa kuyambira Loweruka. Ali moyo. Werengani mpaka kumapeto musanayankhe.

Kalata yanu analandira pa 5, pakhomo la tchalitchi. Ataona dzanja lanu anamwetulira, anauza a Amos Msiska, mlembi wa mpingo, kuti, "Nchifukwa chake khutu limalira." Anaiwerenga ataima pansi pa mtengo wa bulugamu. Anaipinda kanayi, anaiika m'thumba la jekete, tinayenda mpaka kunyumba. Sanadye. Madzulo anandiitana.

"Nawenso ukuti ndimamwa?"

Ndinati, "Iyayi, Adada."

"Ndiye ukhale chete. Andidule, palibe kanthu. Koma ukatsegula pakamwa si ndiwe mwana wanga."

Sabata yonse ndinafunafuna chitini chija. Ndinachipeza Lachisanu m'jombo zawo zakale za ku munda. Chinali chitadzaza mpaka chivundikiro sichinkatsekeka bwino.

Loweruka masana anavala suti n'kupita ku bwalo la akulu, m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Ine ndinawatsatira patali, chitini ndili nacho m'chitenje. Mkazi salowa mmenemo asanaitanidwe, ndiye ndinaima pa zenera. Munali akulu asanu ndi anayi ndi abusa. A Msiska anafunsa, "A Longwe, ndife abale anu. Mumamwa kapena simumwa?" Adada anati, "Chitani chimene mwaona." Mawuwo anatuluka opindika, wina anapukusa mutu. A Msiska anatsegula buku n'kuyamba kulemba.

Sindikudziwa kuti ndinalowa bwanji. Ndinangopezeka ndagwada pafupi ndi tebulo. Mkulu wina anati, "Iwe mwana, kuno si ku msika." Ndinatsegula chitini, mapiritsi anamwazika pa tebulo ponse, ena anagudubuzika pa buku la a Msiska, ena pansi pa nsapato za abusa.

Tsopano ndikuuzani chimene ndinawauza, popeza Zolozolo yonse yamva kale. Mapiritsi amenewa amachititsa munthu kupita kukataya madzi pafupipafupi. Tsiku la Mgonero lija mapemphero anatenga maola anayi. Adada anali kutsogolo, maso a anthu onse ali pa iwo, ndipo woyambitsa nyimbo satuluka. Anapirira mpaka analephera. Anavula jekete n'kulinyamula kutsogolo, anabwera kunyumba kudzera njira ya m'chimanga. Buluku linali limodzi lokha la suti, ndipo m'mawa mwake kunali maliro oti akayimbitse. Ndicho chifukwa ndinachapa pa Sabata. Kuyambira tsiku limenelo sanamezenso piritsi.

Ndinanena zonsezi nkhope ili pansi. Kenako a Msiska anaika cholembera pansi, anatola piritsi limodzi, n'kuliyang'anitsitsa. Anati, "A Longwe, awa ndi amene ndimamwa inenso. Adokotala anandiuza kuti pa Sabata ndizimwa ndikabwerako ku tchalitchi. Bwanji simunafunse?" Mkulu wina wokalamba, uja amakhala pafupi ndi khomo nthawi zonse, anati, "Mumayesa ine ndimakhalira mphepo pakhomo paja?" Ena anaseka pang'ono, osati kuwaseka Adada.

Koma Adada anali ataimirira, akundiloza kuti ndituluke. Dzanja limene ankalozera linagwa lokha. Pakamwa panakhotera mbali imodzi. Anafuna kunena dzina langa, linakanika. A Msiska anawagwira asanafike pansi, tinabwera nawo kuno pa galimoto ya abusa.

Adokotala anawamanga lamba wopimira pa mkono, anapopa, anayang'ana, anapopanso kachiwiri. Akuti magazi anathamanga kwambiri mpaka ziwalo za kumanja zafooka, koma si kufa kwenikweni, mwina zidzabwerera pang'onopang'ono. Anandifunsa kuti dzanzi la lilime linayamba liti. Nditati Januwale anandiyang'ana ngati ndine wolakwa. Akuti thupi linkachenjeza miyezi itatu. Nsomba zamchere za ankhazi zija akuti ndipatse anthu ena.

Kalata imene ndinakupemphani mu Febuluwale inali ya mizere itatu basi. Munalemba yaitali, koma ina.

Keziya


Limbe
22 Epulo 1987

Keziya mlongo wanga,

Ndawerenga kalata yako katatu. Elsie anandipeza nditakhala pa bedi ndi nsapato imodzi kuphazi. Unandiuza bwinobwino ndipo ine ndinamva za ankhazi.

Ndapempha tchuthi, abwana akuti mpaka Juni chifukwa anzanga awiri ali kale kunja. Ndikuyesabe. Undiuze msanga mmene alili, akudya? Akuyankhula? Ndigule chiyani kuno chimene kulibe ku Mzuzu?

Ndaikamo kapepala ka Adada. Ukaona kuti angathe kumva uwawerengere, ukaona kuti ayi ukang'ambe. Ndasiyira iwe.

Iyi ndatumiza kwa Peggy monga unanenera.

Winston


Zolozolo
11 Meyi 1987

Adumbu,

Monire. Kalata yanu ndailandira Lachisanu lapitali. Peggy anali ku maliro ku Ekwendeni masabata awiri, ndiye inangokhala m'dirowa ya telala pamodzi ndi mabatani. Ine ndinkayesa kuti mwakwiya.

Adada anatuluka pa 24 Epulo. Akuyenda ndi ndodo. Dzanja lamanja limagwira supuni koma cholembera ayi. Mawu akumveka akamayankhula pang'onopang'ono. Akulu a mpingo anabwera onse kudzapepesa pakhonde, ndipo abusa analengeza m'tchalitchi kuti a Longwe sanamwe, ankadwala. Ankhazi anabweranso, analira kwambiri, kenako anati iwo ankadziwa kale kuti Gideon sangamwe, wolakwa ndi Rachael.

Nyimbo za Pasaka anayimbitsa ndi munthu wina. Kwaya sadzaitsogoleranso, adokotala sananene koma iwo akudziwa. Lachiwiri anthu a kwaya akamadutsa kupita kokaphunzira, amandiuza kuti nditseke zenera.

Masiku asanu ndi anayi sanandiyankhule. Sichinali chifukwa cha lilime, poti a Msiska ankacheza nawo. Ndikabweretsa piritsi amameza, n'kutsegula pakamwa kuti ndione, maso ali ku khoma. Ndinapirira. Ndinaswa lumbiro, ndikudziwa, ndipo zitabweranso ndikhoza kuswanso, koma msanga.

Kapepala kanu sindinang'ambe. Ndinawawerengera Loweruka. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati nditenge cholembera. Awa ndi mawu awo, ndalemba monga ananenera:

"Winston. Mowa sindinaulawepo. Ndakukhululukira, koma Chichewa chako n'choipa. Khutu likulirabe, ndipo adokotala akuti si iwe. Mpunga ulipo, sutumizidwa, ubwere udzatenge wekha, udzakonzenso denga. Mlongo wako ali ndi pakamwa. Zaka zonsezi sindinkadziwa."

Pamenepo anasiya. Ndinafunsa ngati ndilembe kuti bambo ako okukonda. Anati, "Akudziwa."

Musagule kanthu. Mubwere mu Juni, ndipo mukafika mupite nanu akakupimeni, akuti matendawa amayenda m'banja.

Makalata muzitumiza ku bokosi la mpingo, kwa Peggy kuja kusiyeni. Dzulo tinapita ku tchalitchi koyamba. Piritsi anasiya pa sosala kuti adzamwe pobwerako, ndipo anamwadi. Tinakhala pa benchi ya pafupi ndi khomo, mkulu wokalamba uja anawasendezera malo. Mapemphero atatha a Msiska anaitana maina a makalata. Atati Longwe, ine ndinadikira kuti Adada anyamuke. Iwo anandigogoda ndi ndodo pa phazi.

"Ukudikira chiyani? Pita."

Inali ya ankhazi, yochokera ku Geisha konkuno, masamba anayi. Ndinaitsegula ndekha.

Yewo.
Mlongo wanu,
Keziya